Kujambula apongozi ndili kuseri kwa chigafa

Amuna anga, bambo a Tiwonge, ali ku Joni, monga amuna a anzanga ambiri pa Boma la Mzimba pano. Anapita Tiwonge akukwawa, pano mwanayo akundiyankha mwano m'Chingerezi. Ine ndinatsala ndi kasitudiyo kanga kuseri kwa msika, komwe ndimajambula zithunzi za ziphaso, maukwati ndi ana a sukulu ya mkaka ovala magauni ngati amaliza digiri. Kwathu ndi ku Ntchisi, kumene ndine Nabanda, koma kuno anandisandutsa Nyabanda ndipo ndinangovomera.

Mwezi wa Julaye, kuzizira kuli pachimake, mlamu wanga Wezi anaimba foni ali kumudzi, kuseri kwa Champhira, kuti adada, apongozi anga aamuna, asiya kudya ndipo akutha. Ndinawauza amuna anga. Anandiyankha kuti adada awo akhala akumwalira chaka chilichonse nyengo ya feteleza ikayandikira, ndipo akangolandira kangachepe amadzuka n'kupita kudimba. Sindingawanene kwambiri, zinkachitikadi. Koma ulendo uno mawu a Wezi sanali a munthu wopempha. Vuto linali lakuti mapepala a amuna anga anatha kalekale. Akangotuluka m'dziko muja kubwereramo n'kovuta, ndipo ntchito yawo yosamalira maluwa kwa bwana wina ithera pomwepo.

"Munditumizire chithunzi chawo, amake Tiwonge," anatero. "Ndikawaona ndi maso anga ndidziwa chochita."

Wezi anayesa ndi foni yake. Adada anaimenya ndi ndodo mpaka galasi kung'aluka, n'kulengeza kuti nkhope yawo siyenda pa foni, woifuna msewu akuudziwa. Ndiye banja lonse linakumbukira kuti lili ndi katswiri wa kamera pa Boma. Limene linaiwala n'lakuti katswiriyo ndi mkamwana, mkazi wa mwana wawo. Kumudzi kwa amuna anga mkamwana sakhala pafupi ndi apongozi aamuna, sawayang'ana kumaso, satchula dzina lawo, ndipo mukakumana panjira amapatukira kutchire n'kugwada. Zaka zonsezi ndinkawadziwa adada ndi nsapato zawo ndi katsokomoledwe kawo basi. Tsono ntchito inali yoti ndijambule munthu wokana kujambulidwa, amene sindiloledwa kumuyandikira, chithunzicho chioneke bwino mpaka munthu wouma mutu wa ku Joni akhulupirire.

Ndinakumbukira a Mwinjiro, bambo wa ku Zomba wogwira ntchito ku nkhalango ya paini ku Chikangawa, amene Loweruka lililonse amasiya mkazi ndi ana kukajambula mbalame. Ali ndi lenzi yaitali ngati musi, imene anawasiyira mzungu wina. Ndinawapempha kuti andibwereke. Atabwera pa Boma pa za ntchito anadzera ku situdiyo ataikulunga m'thaulo, ndipo asanandipatse anayamba andilowetsa kaye m'kalasi, ine amene ndalera mwana ndi kamera.

Anati lenziyi imakoka zakutali, inde, koma ndi yaumbombo pa kuwala, imalowetsa kochepa. Kuwala kukachepa umakweza ISO, kumene kuli kukakamiza kamera kuti ione mumdima, ndipo kamera imabwezera pomwaza timadontho pachithunzi ponse. Ojambula timati noizi, ine ndimati mchenga. Ukatsitsa ISO kuti mchenga uchoke, shata, kachitseko kolowetsa kuwala, iyenera kukhala yotsegula nthawi yotalikirapo, ndipo lenzi yaitali imakulitsa kunjenjemera kulikonse, ngakhale kupuma kwako. Choncho dzuwa likhalepo, kamera ikhale pa tiraipodi, choimikira cha miyendo itatu chija, ndipo chojambulidwacho chikhale chete. Usajambule chakuda n'kumati ndikachiwalitsa pa kompyuta, chifukwa mchenga umabisala m'mithunzi. Anamaliza ndi lamulo lalikulu, lakuti mankhwala enieni a mchenga ndi kusendera pafupi. Ndinawafunsa ngati pa mbalame zawo zonse pali ina imene ndi apongozi awo.

Ndinati basi, mchengawo ndikautsuka pa kompyuta. Anapukusa mutu. Anati pulogalamu yotsukira imachotsa mchenga pamodzi ndi makwinya, nkhope n'kusalala ngati sopo watsopano. Apo ndinamva msanga. Kutumiza adada osalala ku Joni kukanakhala kuuza mwana wawo kuti akhale phee, kumudzi kuli bwino. Chithunzicho chinayenera kutuluka choyera m'kamera momwemo. Lenzi anati ndibweze tsiku lotsatira ulendo wanga, chifukwa kunali kambalame kena kakuwadikira.

Nzeru zanga zinali zosavuta. Ndinyamuke m'mawa, ndifike masana, ndiwapeze adada akuothera dzuwa pabwalo monga Wezi anandiuzira. Pa mapu, kuchoka pa Boma kufika ku Champhira si patali. Mapu sanakwerepo minibasi.

Ndinafika pa depoti kuzizira kukuluma makutu. Minibasi ya ku Jenda inali itatsala pang'ono kudzaza, injini ikulira, dalaivala akuponda moto ngati tikunyamuka pompo. Ndinakwera, ndinalipira. Ndalama itangolowa m'thumba la kondakitala, anthu a mipando yakumbuyo anayamba kutsika mmodzimmodzi, wina akutokosa m'mano, wina akuyankha foni imene sinalire. Anali otenthetsa mipando, olembedwa ganyu kuti opusa ngati ine tikopeke. Injini inazima. Tinatsala ine, mayi wina wa dengu la tomato ndi bambo wa jekete lachikopa amene anati kwawo ndi ku Euthini.

Kondakitala, bambo wamkulu ndithu wa chipewa chaubweya, anayang'ana chikwama cha lenzi pamiyendo panga n'kunena kuti chimenecho ndi katundu, chilipiridwe. Ndinamuuza kuti miyendoyo ndi yanga ndipo ndailipirira kale. Anasiya, koma anabwezera pa tiraipodi. Anati chitsulo sichikhala ndi anthu, chingabaye munthu m'diso. "Chisulo ichi chikhale kumbuyo, mama, mbwenu chifika makola." Ndinamupempha kuti achiike pamwamba pa katundu yense. Anavomera mofulumira kwambiri, ndipo pamenepo mpamene ndikanadziwira.

Tinadikira. Ogulitsa mandasi anatizungulira mpaka kutopa nafe. Bambo wa ku Euthini anafunsa kuti m'chikwamamo muli chiyani, ndinamuonetsa, ndipo nthawi yomweyo anasanduka mphunzitsi wanga wachiwiri. Anatulutsa foni ya ku Joni n'kunena kuti zachikale zimenezo zinatha, yakeyi imakoka mpaka mwezi. Anakokera chikwangwani cha golosale ya kutsidya kwa msewu n'kundionetsa monyadira. Pa galasi panali phala la mitundumitundu. Ndinamuuza kuti n'chokongola kwambiri, akafika kwawo akachipachike pakhoma.

Minibasi inadzaza dzuwa litakwera ndithu. Tinatuluka pa depoti, n'kuzungulira msika, n'kudzera kuchipatala, n'kubwereranso pa depoti kudzatenga munthu amene dalaivala anamulonjeza malo. Kenako mafuta. Pofilingi panali mzere wa magalimoto ongogona, ndiye tinakhotera kuseri kwa nyumba ina kumene mafuta amatuluka m'zigubu za mafuta ophikira. Titamwetsa galimoto tinaimanso kwa mlongo wake wa dalaivala kukweza matumba a chimanga. Ndinamva chitseko chakumbuyo chikukankhidwa ndi mapewa a amuna angapo, kenako phokoso lakuti phwa. Ndinatembenuka. Kondakitala anandimwetulira n'kunena kuti ndi tomato.

Msewu wokwera kuchoka pa Boma kupita ku msewu waukulu galimoto inauyenda ngati ikupepesa. Pa chitunda chilichonse injini inkalira, ife tonse n'kuweramira kutsogolo ngati zithandiza. Ine maso anali kumwamba. Mitambo yotuwa inkatsika kuchokera ku Viphya, ndipo mtambo uliwonse kwa ine unali ndowa ya mchenga.

Titafika pamphambano ya msewu wa Mzuzu ndi Lilongwe, dalaivala anapeza anthu ambiri opita ku Mzuzu ndipo mtima wake unasintha. Anatigulitsa. Kwa osadziwa, kugulitsidwa n'kwakuti amakutsitsa, n'kupatsana kenakake ndi kondakitala wa minibasi ina, iwe n'kukhala wa mwini watsopano osafunsidwa. Mwini wathu watsopano anali ataima pambali, galimoto yopanda munthu, dalaivala akudya mbatata yootcha. Potsitsa katundu, tiraipodi yanga inatuluka pansi pa matumba a chimanga, mwendo umodzi utapindika, mutu womangirapo kamera utathyoka. Ndinamuonetsa kondakitala. Anaiyang'ana ngati dokotala, n'kundiuza kuti yatsala ndi miyendo iwiri yabwinobwino, nanga ine ndemwe ndimaima ndi ingati? Anthu anaseka. Ndinakwiya kwambiri, ndipo pomwe ndinkapeza mawu omuyenera galimoto yake inali itakhota kale.

Pamphambano paja tinakhala mpaka ndinadziwa mtengo wa chilichonse chogulitsidwa pamenepo. Chifunga chinabwera, chinapita, chinabweranso. Poti ndinalibe chochita ndinamanga lenzi pa kamera kuti ndiyese. Patali panali bambo akukankha njinga ya makala. Ndinamujambula lenzi ili m'manja, ndipo pagalasi panatuluka abambo awiri ndi njinga ziwiri, zonse zikuvina. Ndinafulumizitsa shata, chithunzi chinada. Ndinakweza ISO, bambo anakhala mmodzi, koma nkhope yake inali yodzaza timadontho tofiira ndi tobiriwira, moti mkazi wake yemwe sakanalumbira kuti ndi iye. A Mwinjiro ananena zoona, ndipo palibe chimandinyansa ngati mwamuna wonena zoona pa ntchito yanga.

Minibasi yachiwiri inadzaza mopitirira. Pampando wa anthu atatu tinakhala asanu, kondakitala wake atapinda msana pamwamba pa mayi wa tomato. Tisanafike pamene apolisi apamsewu amaima, dalaivala anapatukira pambali n'kulengeza kuti ena atsike, adutse wapansi ngati anthu a m'mudzi momwemo, tikawadikira kutsogolo. Osankhidwawo anatsika akung'ung'udza. Tinadutsa apolisi tili mwaulemu ngati kwaya, n'kukaima kuseri kwa khona. Oyenda wapansi aja anabwera mosathamanga, wina atagulanso nzimbe, wina ataima kucheza ndi mlamu wake. Palibe amene anali ndi apongozi oti awajambule dzuwa lisanapendeke.

Tayala linaphulika titayandikira Luviri. Kunena zoona silinaphulike, linangotopa, chifukwa mawaya ake ankaoneka tili pamphambano pomwe. Tayala lapadera linalipo, koma linali kwa mnzake wa dalaivala ku Jenda amene analibwereka. Kondakitala anakwera njinga yamoto atakumbatira tayala kukamatitsa, ife tinakhala m'mbali mwa msewu. Mitambo inali itatseguka tsopano, dzuwa labwino, lofewa, lenileni lojambulira nkhope, likuthera pa minibasi yopendekeka. Ndinkayang'ana mthunzi wa galimotoyo ukutalika kuwoloka msewu, ndipo mtima unkandiwawa.

Pamenepo bambo wa ku Euthini anakhala pambali panga n'kufunsa kuti changu chonsechi n'cha chiyani. Ndinamuuza. Anaseka pang'ono, n'kunena kuti amuna anga akuwamvetsa, ku Joni foni yochokera kumudzi umaiopa kuposa apolisi. Iye naye anali pa ulendo wobwerera komweko. Anati chaka chatha anamuimbira kuti mayi ake akudwala, iye anatumiza bulangete lalikulu lija la maluwa ndi ndalama ya mankhwala, poganiza kuti ndi kudwala kwa masiku onse. Ulendo uno anabwera kudzaona manda. Bulangete analipeza, akufunda ndi azakhali ake, ndipo akuti ndi lotentha kwambiri. Ananena zonsezi akusenda nzimbe imene anapempha kwa mnzathu uja. Sindinamusekenso za foni yake.

Tayala linabwera, tinanyamuka, ndipo pa Champhira ndinatsika dzuwa litapendeka kale. A kabaza a njinga zamoto anandithamangira. Ndinasankha wooneka wamkuluko, woti ali ndi ana oti awaganizire, koma anayendetsa ngati ana akewo si ake. Msewu wa kumudzi ndi wa mabampu ndi mchenga weniweni, ndiye poopa kuti lenzi ya eni ingagunde chitsulo ndinaikulunga m'thaulo lake n'kuibereka kumbuyo ndi chitenje. Tiraipodi yolumala ndinaisiya pa golosale ina. Azimayi a m'njira ankatikuwira kuti tiyende bwino ndi mwana.

Lenzi ija ndinaiwala kuimasula tisanafike. Amama, apongozi anga aakazi, anatuluka m'khitchini kudzandilandira, n'kuima chilili, maso ali pa chitenje chakumbuyo kwanga. Ndinawaona akuwerenga mumtima zaka zimene mwana wawo wakhala ku Joni. Wezi anagwira pakamwa. Ndinamasula msangamsanga n'kuonetsa kuti khandalo ndi la galasi ndi chitsulo. Sindinaonepo munthu akulandira lenzi ndi chimwemwe chotero. "Yewo chomene, mwana wane," anatero amama, ngati ndawabweretsera shuga.

Adada anali pakhonde la nyumba yawo, kutsidya kwa bwalo, pampando wa ndalema, atafunda bulangete, chipewa chili mpaka m'maso. Ndinagwada patali monga mwa mwambo, maso pansi, moni wanga n'kudzera mwa Wezi, yankho lawo n'kubwereranso mwa Wezi. Anafunsa chimene mkamwana wadzera pakati pa sabata. Wezi anayankha zimene tinapangana, kuti achimwene ake akufuna zithunzi za ng'ombe, aone mmene zikuonekera. Adada anatsokomola nthawi yaitali, kenako anati n'zabwino kuti mwana wawo akukumbukira ng'ombe.

Dzuwa la pabwalo limene ndinanyamukira m'mawa linali litapita. Khonde lonse linali mumthunzi. Kuwala kunatsala kachigawo kamodzi pafupi ndi khola, kodutsa pakati pa mitengo ya mango, ndipo nako kankachepa. Ine ndi Wezi tinazungulira kuseri kwa chigafa cha fodya, chimene nyengo imeneyo chinali chopanda kanthu. Kuchokera pamenepo khola linali kumanja, khonde kumanzere, ndiye wondiona akanati ndikujambuladi ng'ombe. M'malo mwa tiraipodi Wezi anagubuduza mtondo, tinauvundikira, pamwamba n'kuikapo kathumba ka chimanga. Ndinagwada, ndinakhazika lenzi pakathumbapo mpaka inamira bwino, n'kuika diso pa kamera.

Aka kanali koyamba kuona nkhope ya apongozi anga. Lenzi inawabweretsa pafupi moti ndinabweza mutu, manyazi atandigwira ngati ndalowa kuchipinda kwawo osagogoda. Ndinayang'ananso. Mphuno inali ya amuna anga, chipumi cha Tiwonge. Koma masaya anali atalowa, khosi litatsala mitsempha, kolala ya shati ikulendewera. Wezi sananame. Ndinamva chisoni chachikulu, ndi mantha, chifukwa ndinadziwa kuti munthu uyu sadikira Khisimisi imene amuna anga amalonjeza chaka ndi chaka.

Ndinayamba kujambula. Mumthunzi muja, pansi pa chipewa, kamera inkapempha ISO ya kumwamba kwenikweni, ndipo chithunzi chilichonse chinkatuluka ndi mchenga wokhawokha. Ndikakulitsa pagalasi, masaya olowa aja ankasowa m'timadontho, n'kutsala munthu wachipewa wofunda bulangete, ngati mkulu aliyense wa ku Mzimba mwezi wa Julaye. Amuna anga akanangoti adada akumva kuzizira basi. Ndinatsitsa ISO, ndinachedwetsa shata. Mtondo unagwira ntchito yake, mzati wa khonde unatuluka bwinobwino mpaka chiswe chake, koma mutu wa adada unkagwedezeka wokha ndi kudwala, ndipo akati akhale chete chifuwa chinkabwera. Nkhope inkatuluka ngati yapakidwa ndi chala. Ndinayesa pakatikati, ndinapeza mchenga ndi kupakika zonse pamodzi. Ndinatukwana mumtima makondakitala onse awiri, madalaivala awo, ndi mnzawo wa ku Jenda wobwereka tayala. Wezi ankangondifunsa monong'ona ngati zatheka, ndipo ndinamuuza kuti akafunsanso ndimujambula iyeyo.

Ndinaganiza zoimirira, kuwoloka bwalo n'kukawagwadira pafupi. Koma ndikanatero amama akanalira, mudzi ukanakamba mpaka chaka chamawa za Mchewa wopanda mwambo, ndipo ndodo ija inali itatsamira pa mpando, pafupi ndi dzanja lawo lamanja. Lenzi inali ya eni. Ndinakhala pansi, misozi ili pafupi.

Kenako adada anaitana amama. Analankhula motsitsa, ndipo amama anaoneka ngati akutsutsa, koma anawadzutsa. Wezi anathamanga kukanyamula mpando. Ndinaganiza kuti akulowa m'nyumba, basi zathera pomwepo. Koma anatsika khonde, dzanja lina pa ndodo, lina paphewa la amama, n'kuyamba kuwoloka bwalo. Anayenda nthawi yaitali, akuima kupuma. Analoza ndi ndodo kachigawo ka dzuwa kaja pafupi ndi khola, ndipo Wezi anaika mpando pamenepo. Anaukana mmene anauikira, anautembenuzitsa mpaka unayang'ana kuchigafa. Atakhala anachotsa bulangete pamapewa, n'kuvula chipewa, n'kuchiika pabondo. Maso sanayang'ane kumene ndinali, anayang'ana pamwamba pa denga la chigafa.

Zaka zonse zimene ndakhala m'banja limeneli sindinamvepo adada akulankhula Chichewa. Amati ndi chiyankhulo cha pa wailesi. Tsiku limenelo analankhula kwa amama, amene anali chiimire pambali pawo pomwepo, koma mokweza, m'Chichewa cholemera ndi Chitumbuka.

"Nyalungu, muwauze anthu ojambula ng'ombe aja achite changu. Ng'ombe iyi sikhala nthawi yaitali."

Ndinabwezera diso pa kamera. Dzuwa linali pankhope pawo, lofiirira, lochokera m'mbali. Ndinatsitsa ISO mpaka pansi, ndinaonetsetsa kuti chithunzi chikuwala mokwanira, ndinalunjika pa diso. Poopa kuti chala changa chigwedeza kamera ndinaika kuti ijambule yokha pakapita kamphindi, n'kuchotsa manja. Mu lenzi ndinaona adada akugwira mikono ya mpando mwamphamvu mpaka mitsempha kutuluka, akukoka mpweya n'kuugwira, kukakamiza mutu uja kuti uime. Unaima. Kamera inalira. Ndinabwereza kangapo, iwo ali chigwirire, mpaka chifuwa chinawagonjetsa n'kuwapinda pakati.

Ndinayang'ana pagalasi n'kukulitsa. Panalibe mchenga. Khwinya lililonse linalipo, ndevu zoyera imodziimodzi, milomo youma, maso achikasu onyowa. Ndajambula akwati ambiri, koma sindinajambulepo chithunzi choyera chotero, ndipo sindinafune kuchiyang'ana kawiri. Ndili chigwadire kuseri kwa chigafa ndinaomba m'manja mwaulemu monga amachitira akamwana. Adada anavala chipewa, n'kuuza amama m'Chitumbuka kuti kwazizira, awalowetse. Za ng'ombe sanafunsenso, ndipo ine sindinajambule ngakhale imodzi.

Kumudzi kuja netiweki imapezeka pa chulu chimodzi, nayonso ikafuna. Ndinagona kwa Wezi, m'mawa wa kabaza yemwe uja anadzanditenga, ndipo pa Champhira, nditakhala pakhonde la golosale pamene ndinasiya tiraipodi, ndinasamutsira chithunzi mu foni. Sindinachikonze paliponse. Ndinatumiza chimodzi chokha, chopanda mawu.

Sipanapite nthawi foni inalira. Kumbuyo kwawo kunkamveka makina odulira kapinga. Amuna anga anali osangalala. Anati lenzi imeneyo ndi yoopsa, chithunzi chooneka bwino ngati cha m'nyuzipepala, a Mwinjiro ndiwathokozere.

"Koma amake Tiwonge, ine ndinati mujambule adada. Agogo awawa ndi a nyumba iti?"

Ndinali nditakonza mawu ambiri usiku wonse, ena okhadzula, oti ndiwabwezere za feteleza zija. Onse anathawa.

"Ndi adada anu," ndinatero.

Makina aja anazima. Ndinayang'ana foni kuona ngati yaduka. Kenako anafunsa, mawu atasintha, ngati adada anadziwa kuti ndikuwajambula. Ndinawauza kuti anasuntha okha mpando kupita padzuwa, anavula okha chipewa, ndipo anagwira mpweya kuti mutu usagwedezeke.

Foni sanadule. Ndinamva mapazi pamiyala, chitseko chikugogodwa, galu akuuwa. Kenako ndinamva amuna anga, m'Chingerezi chawo chothyokathyoka, akuuza bwana wawo kuti apeze munthu wina wa maluwa, iwo akupita kwawo.